Mtima ukataya dongosolo: nthenda imene zala zitatu zingaitulukire sitiroko isanafike

Munthu akadzuka m'mawa mkono ndi mwendo zitalefuka mbali imodzi, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka, maganizo a abale onse amathamangira kumutu. Ena amati ndi BP, ena amanong'onezana za hamala ya afiti. Oganizako za mtima amakhala ochepa. Komatu kwa odwala sitiroko ambiri vuto limakhala litayambira m'chifuwa, m'zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, miyezi kapena zaka munthuyo asanagwe. Mtima umakhala utasiya kugunda mwadongosolo, magazi n'kumaundana m'kati mwake, mpaka tsiku lina nthuli ya magazi oundanawo imathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo.

Nthendayi madokotala amaitchula kuti atrial fibrillation, mwachidule AF. Pa matenda onse osokoneza kagundidwe ka mtima kwa nthawi yaitali, wofala kwambiri ndi umenewu: m'chaka cha 2019 anthu odwala AF padziko lonse analipo pafupifupi 60 miliyoni. Kafukufuku wotchuka wa m'tauni ya Framingham ku America, amene wakhala akutsatira umoyo wa anthu kuyambira mu 1948, anapeza kuti AF imachulukitsa kasanu chiopsezo cha sitiroko. Ikabwera chifukwa cha kuwonongeka kwa mavavu a mtima kochokera ku matenda a rheumatic fever, chiopsezocho chimachuluka ka 17.

Chopweteka n'chakuti masitiroko ambiri otere ndi opeweka. Kuti AF iganiziridwe sipafunika makina okwera mtengo, zala zitatu pamkono ndi mphindi imodzi n'zokwanira. Mankhwala amene amateteza ubongo akhalapo kwa zaka zoposa 60. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wogwira mkono wa wodwala n'kuwerenga.

Kagundidwe ka mtima wabwino

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zimalandira magazi, china ochokera m'thupi, china ochokera m'mapapo. Ziwiri zam'munsi, za minofu yochindikala, ndizo zimapopa magaziwo kupita nawo kumapapo ndi kuthupi lonse. Zipindazi zimasinthana ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: musi wa uyu ukatsika, wa mnzake umakwera, ndipo ntchito imayenda chifukwa aliyense amadikira nthawi yake.

Chimene chimalamula kusinthanaku ndi kagulu kakang'ono ka maselo kumtunda kwa chipinda cham'mwamba chakumanja, kotchedwa sinus node. Arthur Keith ndi Martin Flack anakafotokoza ku England mu 1907. Kameneka kamatulutsa mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi munthu akakhala phee. Mphamvuyo imafalikira m'zipinda zam'mwamba n'kuzifinya, kenako imaima kanthawi pa kagulu kena kotchedwa AV node, kamene Sunao Tawara wa ku Japan anakafotokoza mu 1906, isanatsikire kuzipinda zam'munsi.

AF ikayamba, sinus node imalandidwa ulamuliro. Timphamvu tosawerengeka timabuka uku ndi uku m'zipinda zam'mwamba, ka 350 mpaka ka 600 pa mphindi, moti zipindazo sizifinyanso, zimangonjenjemera. AV node imatsekereza timphamvu tambiri, apo ayi munthu bwenzi akufa pomwepo, koma timene imalola kudutsa timadutsa mwachisawawa. N'chifukwa chake mtima umagunda mothamanga ndiponso mosatsata ndondomeko iliyonse.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, mtima wothamanga kwa miyezi umatopa n'kufooka, ndipo munthu amayamba befu, kutupa miyendo, kulephera kugona chagada. Chachiwiri ndicho choopsa: magazi a m'chipinda chongonjenjemera amachedwa kuyenda, makamaka m'kathumba kakang'ono kamene kali m'mbali mwa chipinda cham'mwamba chakumanzere. Magazi akaima amaundana. Kuchokera m'kathumbako, njira yopita ku ubongo ndi yaifupi.

Kwina ndi ya okalamba, kwathu imagwiranso achinyamata

Ku Ulaya ndi ku America AF ndi nthenda ya ukalamba. Imayenda ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa kwambiri, kubanika kutulo, matenda a mitsempha ya mtima ndiponso mowa. Zonsezi ziliponso ku Malawi. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa. BP ikakwera zaka zambiri osaithandiza, chipinda cham'mwamba chakumanzere chimatanuka n'kuchita zipsera, ndipo m'zipsera zimenezo ndi mmene chisokonezo chimamera. Chithokomiro chikamatulutsa mahomoni ochuluka mopyola muyeso nachonso chimayambitsa AF.

Za mowa umboni wake ndi womveka. Mu 1978 dokotala wina wa ku America, Philip Ettinger, analemba za odwala amene ankabwera kuchipatala mtima utasokonekera atamwa kwambiri kumapeto kwa sabata kapena pa zikondwerero. Mu 2020 akatswiri a ku Melbourne ku Australia anagawa pawiri odwala AF okonda kumwa. Patatha miyezi 6, nthendayi inabwereranso kwa 53 pa 100 alionse mwa amene anauzidwa kusiya mowa, poyerekeza ndi 73 pa 100 mwa amene anapitiriza.

Koma kum'mwera kwa Sahara kuli gwero lina limene maiko olemera anatsala pang'ono kuliiwala. Mwana amadwala zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya a streptococcus. Akapanda kulandira penisilini, chitetezo cha thupi lake chimatha kutembenukira mavavu a mtima wake womwe, ndipo imeneyi ndiyo rheumatic fever. Zikabwerezabwereza, vavu ya pakati pa zipinda zakumanzere imachita zipsera n'kuchepa khomo. Magazi amadikha m'chipinda cham'mwamba, chipindacho chimafutukuka, ndipo pofika zaka za m'ma 20 kapena 30 mtima umakhala utataya dongosolo. Padziko lonse anthu pafupifupi 40 miliyoni ali ndi matenda a mavavu amenewa, ndipo oposa 300,000 amamwalira nawo chaka chilichonse.

Kafukufuku wa REMEDY, amene anatsogoleredwa kuchokera ku Cape Town ndi Liesl Zühlke ndi malemu Bongani Mayosi ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anatsatira odwala 3,343 m'maiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso ku India ndi ku Yemen. Theka la odwalawo anali a zaka zosapitirira 28. Awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo mmodzi mwa asanu anali kale ndi AF. Awatu ndi amayi oyamwitsa, ophunzira, anyamata olima. Mtsikana wa zaka 25 akamadandaula kuti mtima uli phaphapha ndipo akubanika akakwera chitunda, si nzeru kumubweza kunyumba pomuuza kuti ndi nkhawa chabe.

Kuitulukira

Odwala amafotokoza mosiyanasiyana. Wina amati mtima ukudumphadumpha, wina amati ukuthamanga ngati wachita mantha pomwe wangokhala, wina amangomva chizungulire kapena kutopa kosadziwika bwino. Pali gulu lalikulu limene silimva kalikonse, ndipo kwa ena mwa iwowa chizindikiro choyamba chimakhala sitiroko yomweyo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndiye n'kofunika kuchita kuchifunafuna.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Khalani pansi mupume kwa mphindi zisanu. Tembenuzani dzanja chikhatho chiyang'ane kumwamba, ndipo ikani zala zitatu za dzanja linalo pamkono, m'munsi pang'ono mwa chala chachikulu. Musagwiritse ntchito chala chachikulu pomvera, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake. Werengani kwa mphindi yathunthu. Chofunika si nambala yokha ayi, koma kutalikirana kwa kugundako. Mtima wabwino umasiya mpata wofanana. Wa AF umagunda kawiri mofulumira, n'kudikira, n'kugunda katatu, kwina mwamphamvu kwina mofooka, popanda ndondomeko imene mungailosere. Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri abwinobwino, koma chisokonezo chosalekeza chimafuna kuchipatala. Makina a BP a mabatire amene afala masiku ano ena amaonetsa kachizindikiro mtima ukamagunda mosalongosoka, ndipo kachizindikiro kameneko si konyalanyaza.

Zala zimangochenjeza, chotsimikiza ndi ECG, pepala lojambula magetsi a mtima. Makina oyamba odalirika anawapanga Willem Einthoven wa ku Leiden m'dziko la Netherlands kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ankalemera makilogalamu pafupifupi 270, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi amchere. Mu 1906 Einthoven anafalitsa chithunzi cha kagundidwe kosokonekeraka, ndipo mu 1909 Thomas Lewis ku London, komanso Rothberger ndi Winterberg ku Vienna, anatsimikiza kuti gwero lake ndi kunjenjemera kwa zipinda zam'mwamba. Lero ECG imatenga mphindi zochepa ndipo sipweteka. Dokotala amayang'ana zinthu ziwiri: kusowa kwa kamzere kokwera kotchedwa P, kamene kamasonyeza kufinya kwa zipinda zam'mwamba, ndi kusafanana kwa mipata pakati pa kugunda.

Vuto ndi lakuti AF ina imabwera n'kupita. Wodwala amavutika usiku, akafika kuchipatala mtima uli bwinobwino. Zikatero amamuveka kachipangizo kotchedwa Holter, kamene kamajambula mtima kwa maola 24 kapena kuposerapo iye akugwira ntchito zake. Mawotchi ena amakono amathanso kuchenjeza, ngakhale kuti chenjezo lawo liyenera kutsimikizidwa ndi dokotala.

AF ikapezeka, funso lotsatira ndi lakuti yachokera kuti. Sikani ya mtima yotchedwa echo imaonetsa ngati vavu yachepa, ngati chipinda chafutukuka, ngati minofu yafooka. Amayezanso magazi kuti aone chithokomiro, impso, mchere wa m'thupi ndi kuchuluka kwa magazi. Kwathu kuno echo ndi yofunika koposa, pakuti yankho lake ndilo limasankha mankhwala.

ECG imasiyanitsanso AF ndi matenda ena ofanana nayo. Pa atrial flutter mphamvu ya magetsi imazungulira njira imodzi m'chipinda chakumanja pafupifupi ka 300 pa mphindi, ndipo kawirikawiri mtima umagunda ka 150 mofanana. Nayonso imabweretsa sitiroko, choncho chitetezo chake n'chimodzimodzi. Palinso SVT, imene imakonda achinyamata: mtima umayamba kuthamanga mwadzidzidzi n'kusiyanso mwadzidzidzi. Imeneyi kawirikawiri siundanitsa magazi, ndipo kuchipatala amatha kuiletsa pomuuza wodwala kuti auzire mwamphamvu mu sirinji kenako n'kumugoneka miyendo m'mwamba, kapena pomubaya adenosine.

Choyamba ndi kuteteza ubongo

Wodwala amafuna kuti mtima usiye kudumpha, ndipo n'zomveka. Koma dokotala wodziwa ntchito amayamba ndi funso lina: kodi munthu uyu ali pafupi bwanji ndi sitiroko? Amapereka mapointi powerengera zaka, makamaka kuyambira 65 ndiponso 75, BP, shuga, kufooka kwa mtima, matenda a mitsempha, komanso ngati anagwidwapo kale ndi sitiroko. Mapointi akakwana, wodwala amafunika mankhwala oletsa magazi kuundana, nthawi zambiri kwa moyo wake wonse, kaya akumva kudumphako kaya sakumva. Amene vavu yake inachepa kwambiri ndi rheumatic fever safunikanso kuwerengera mapointi, chiopsezo chake n'chachikulu kale.

Mankhwala akale pa ntchitoyi ndi warfarin. Anachokera ku kafukufuku wa Karl Paul Link ku Wisconsin, amene ankafufuza chimene chinkapha ng'ombe zodya msipu wowola potaya magazi. Mu 1948 anayamba kugulitsidwa ngati mankhwala a makoswe, ndipo mu 1954 anavomerezedwa kuthandizira anthu pa muyeso woyenera. Akamwedwa bwino amachepetsa masitiroko a AF ndi magawo awiri mwa atatu. Asipirini, amene ambiri amamudalira, amathandiza pang'ono kwambiri moti malangizo a masiku ano samuwerengeranso ngati chitetezo cha AF.

Kuyambira cha m'ma 2009 kunabwera mankhwala atsopano monga dabigatran, rivaroxaban ndi apixaban. Safuna kuyeza magazi pafupipafupi, sasokonezedwa ndi ndiwo, ndipo samwazitsa magazi mu ubongo kawirikawiri ngati warfarin. Kwa wodwala AF ya BP kapena ya ukalamba, amenewa ndiwo amakondedwa ngati thumba lilola. Ambiri ankayembekeza kuti adzapulumutsanso odwala mavavu a m'maiko osauka. Kafukufuku wa INVICTUS, wa odwala oposa 4,500 m'maiko 24 a mu Africa, Asia ndi Latin America, anayesa zimenezi, ndipo zotsatira za mu 2022 zinadabwitsa: amene ankamwa warfarin ndi mankhwala a gulu lake anamwalira ochepa poyerekeza ndi amene ankamwa rivaroxaban. Choncho kwa odwala mavavu a rheumatic fever, komanso amene anaikidwa vavu yachitsulo, warfarin akadali mankhwala oyenera.

Kukhala ndi warfarin

Warfarin amafuna mwambo. Akachepa m'thupi sateteza, akachuluka munthu amataya magazi. Mphamvu yake amaiyeza m'magazi ndi nambala yotchedwa INR, imene kwa odwala AF ambiri iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Poyamba amayeza pafupipafupi, zinthu zikakhazikika mwina kamodzi pamwezi. Mu kafukufuku wa REMEDY, mwa odwala amene anayezedwa INR, osakwana mmodzi mwa atatu ndiwo anali pa muyeso woyenera. Mtunda wopita kuchipatala, ndalama zoyendera ndi kusowa kwa zoyezera zimatha kusandutsa mankhwala abwino kukhala opanda ntchito kapena oopsa.

Ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe, mpiru, chisoso ndi repu zili ndi vitamini K, amene amachepetsa mphamvu ya warfarin. Izi sizitanthauza kuti wodwala asiye masamba. Chofunika n'chakuti azidya mofanana sabata ndi sabata, ndipo auze achipatala nyengo ikasintha, monga dzinja pamene masamba achuluka pakhomo. Mankhwala ena ndi amene amasokoneza kwambiri. Rifampicin wa TB amafooketsa warfarin. Bactrim, Flagyl ndi fluconazole amamuwonjezera mphamvu mpaka kufika poopsa. Ma ARV ena amasinthanso kagwiridwe kake. Brufen, diclofenac ndi asipirini ogula pa golosale amawonjezera kutaya magazi m'mimba. Mankhwala azitsamba nawonso ayenera kutchulidwa kwa dokotala mosabisa. Wodwala aliyense aonetsetse kuti m'kabuku kake ka kuchipatala mwalembedwa poonekera kuti akumwa warfarin.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala ndi kamfuno wosasiya, magazi m'nkhama kapena mu mkodzo, chimbudzi chakuda bii, mutu wopweteka modabwitsa, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu. Kwa amayi pali nkhani ina yaikulu: warfarin amatha kuwononga mwana wosabadwa, makamaka miyezi itatu yoyambirira, ndipo mimba payokha ndi katundu wolemera kwa mtima wa vavu yochepa. Kulera ndi kukonzekera mimba ziyenera kukambidwa ndi dokotala, mwamuna ali pomwepo ngati n'kotheka, mimbayo isanaime.

Kuchepetsa liwiro kapena kubwezeretsa dongosolo

Ubongo ukatetezedwa, dokotala amatembenukira kwa mtima weniweniwo, ndipo njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuisiya AF koma kuchepetsa liwiro, nthawi zambiri kuti mtima usapyole ka 110 pa mphindi munthu akakhala phee. Amagwiritsa ntchito mankhwala monga atenolol, bisoprolol, verapamil kapena digoxin. Digoxin amachokera ku chomera cha foxglove, chimene mphamvu yake William Withering wa ku Birmingham anailemba mu 1785. Ndi wothandiza mtima ukafooka, koma akachuluka amasanduka poizoni, makamaka impso zikakhala zofooka.

Njira yachiwiri ndi kubwezeretsa ulamuliro wa sinus node. Mbiri yake ikukhudza mankhwala amene timawadziwa bwino. Mu 1914 dokotala Karel Wenckebach analemba za wamalonda wina wa ku Netherlands amene anazindikira yekha kuti kwinini amene ankamwa chifukwa cha malungo ankakhazikanso mtima wake. Kuchokera pamenepo kunabwera quinidine. Pambuyo pake zinadziwika kuti mankhwala a gulu limeneli amatha kuyambitsa chisokonezo china chakupha, ndiye pasapezeke woyesa kwinini pa vuto la mtima. Masiku ano kuli amiodarone ndi flecainide, amene nawonso amafuna diso la dokotala. Amiodarone akamwedwa nthawi yaitali amatha kuwononga chithokomiro, mapapo ndi chiwindi.

Mu 1962 Bernard Lown wa ku Boston anaonetsa kuti mphamvu ya magetsi yoperekedwa pachifuwa pa kamphindi koyenera, wodwala atagonetsedwa, imabwezeretsa mtima m'malo mwake nthawi yomweyo. Ngati AF yakhalapo kupitirira tsiku limodzi kapena awiri, wodwala amayamba wamwa mankhwala oletsa kuundana kwa masabata atatu, kapena amamuunika kudzera kum'mero kuti aone ngati mulibe magazi oundana, chifukwa chipinda chikayambanso kufinya chimatha kukankhira nthuliyo ku ubongo.

Mu 1987 James Cox wa ku St. Louis anayamba opaleshoni yocheka ndi kusoka zipinda zam'mwamba kuti zipsera zitchinge njira za timphamvu tosokoneza. Kenako mu 1998 Michel Haïssaguerre ndi anzake ku Bordeaux m'dziko la France anapeza kuti timphamvu tambiri toyambitsa AF timachokera pamene mitsempha inayi ya m'mapapo imalowera mu mtima. Apa ndi pamene panayambira njira ya masiku ano yothandizira AF ndi chithandizo cha ablation. Dokotala amalowetsa kachubu kopyapyala mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka kukafika mu mtima, n'kuwotcha kapena kuziziritsa minofu yozungulira makomo a mitsemphayo. Pa atrial flutter ndi SVT, pamene amawotcha malo ena mu mtima, ablation imachiritsa oposa 90 pa 100 alionse. Pa AF chithandizochi chimathandiza ambiri, koma ena amafunika kubwereza. Kum'mwera kwa Sahara chimapezeka m'zipatala zowerengeka, zambiri mwa izo ku South Africa, ndipo mtengo wake ndi wosafikirika kwa anthu ambiri.

Amene sangafikire ablation asataye mtima. Kafukufuku wamkulu wa AFFIRM wa mu 2002 anapeza kuti mwa odwala achikulire, ongochepetsa liwiro ankakhala ndi moyo mofanana ndi obwezeretsa dongosolo ndi mankhwala. Wina wa mu 2020, EAST-AFNET 4, anaonetsa phindu la kubwezeretsa dongosolo msanga, chaka choyamba chisanathe. Koma pa njira zonse ziwiri chimene chimapulumutsa anthu ochuluka ndi chitetezo cha ubongo, pamodzi ndi kuthana ndi BP, shuga, kunenepa ndi mowa.

Zimene zili m'manja mwathu

Mu 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la WHO unagwirizana zolimbana ndi matenda a mavavu a rheumatic fever, ndipo mu 2022 maiko a mu Africa anavomereza ndondomeko ya PEN-Plus, yofuna kuti zipatala za m'maboma zizitha kusamalira matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo kuchita echo ndi kuyeza INR. Boma la Neno ndi limodzi mwa malo oyambirira mu Africa kumene njirayi inayesedwa. Phunziro lake ndi lakuti anamwino ndi madokotala a m'maboma, akaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zipangizo, amatha ntchito imene kale inkafuna ulendo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe.

Zofunika zake si zapatali. Aliyense woyezedwa BP agwiridwenso mkono kwa mphindi imodzi. Chipatala chilichonse cha boma chikhale ndi ECG yogwira ntchito, mapepala ake ndi munthu wodziwa kuwerenga. Warfarin asamaperekedwe popanda poyezera INR pafupi, ndipo asamathe m'mafamase. Mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala, ndipo amene anadwalapo rheumatic fever asaphonye jakisoni wake wa penisilini wa mwezi ndi mwezi, pakuti AF ya mtsikana wa zaka 25 imapewedwa ali ndi zaka 10.

Kunyumba nako kuli gawo lathu. Amene muli ndi makolo opitirira zaka 65, kapena m'bale wa BP, shuga kapena vuto la mavavu, phunzirani kugwira mkono ndipo muzichita zimenezi mwezi uliwonse. Mukamva chisokonezo, pitani kuchipatala mukapemphe ECG, ngakhale mwiniwakeyo akunena kuti ali bwino. Wina akapotoka pakamwa, akalefuka mkono kapena akasokonekera polankhula, musadikire kuti kuche ndipo musayambire kwina, thamangirani naye kuchipatala, ndipo mukafunse ngati mtima wake waunikidwa, chifukwa AF ikasiyidwa osaithandiza sitiroko yachiwiri sichedwa kubwera.